Kumata dziwe la nsomba lochucha ndi fibreglass

Dziwe langa la nsomba ndi la simenti, lili kuseri kwa nyumba pafupi ndi mtengo wa mapeyala, ndipo linandisautsa zaka zitatu. Ndikalidzaza Loweruka, pofika Lachitatu mzere wa ndere unali utatsala pamtunda, madzi atatsika. Kapinga wa mbali ya kumunsi ankakhala wobiriwira pakati pa chilimwe, wina yense atauma. Ndinamata ming'alu ndi simenti kawiri, ndinapakamo penti ya phula kamodzi, koma chilichonse chinkagwira miyezi yowerengeka, kenako madzi n'kupeza njira ina. Chimene chinathetsa vutoli ndi fibreglass, faiba yomweyi imene amisiri okonza maboti kunyanja ndi owongola magalimoto amagwiritsa ntchito.

Faiba simata mng'alu ngati mmene simenti imachitira. Imapanga chigoba chatsopano mkati mwa dziwe lonse, ngati mwaikamo bafa lopanda msoko lopangidwa molingana ndi dziwelo. Khoma lakale limangotsala ngati chochirikiza. Koma faiba ili ndi mdani mmodzi, ndiye chinyezi. Ulendo woyamba ndinathamanga, ndinamata patangopita masiku anayi chikhuthulireni madzi, ndipo mbali imodzi ya khoma inafunduka ngati njoka. Choncho zambiri zimene ndinene pano zikukhudza kukonzekera, pakuti kumata kwenikweniko kumatenga tsiku limodzi kapena awiri basi.

Malangizowa ndi a dziwe lomangidwa ndi njerwa, mabuloko kapena konkire, lija timasungiramo nsomba zokongoletsa monga koi ndi goldfish pakhomo kapena pamalo ogona alendo. Damu lokumba la makumba ndi chilunguni likamataya madzi, mankhwala ake ndi dothi la makande losinjidwa bwino. Faiba singagwire padothi.

Tsimikizani kaye kuti likuchucha ndi dziwelo

Musanagule kanthu, zimitsani pampu ndipo mutseke mapaipi opita ku fyuluta. Nsomba muziikire mpweya kapena muziyang'anira, chifukwa madzi akhala ataima. Dzazani ndowa ndi madzi, muiike pambali pa dziwe pamalo pamene dzuwa limawomba mofanana, ndiye mulembe chizindikiro pamene madzi alekeza m'ndowamo ndi m'dziwemo. Pakatha maola 24 yezani. Ngati zonse zatsika mofanana, madzi anu akungouma ndi dzuwa ndi mphepo, zimene zimachitika kwambiri mu Okutobala. Ngati dziwe latsika kuposa ndowa, likuchucha. Ndipo ngati silikutsika pampu itazima koma limatsika ikayaka, vuto lili pa paipi, pa fyuluta kapena pa kamathithi kanu, ndiye mwapulumuka ku ntchito yaikulu.

Likakhala kuti ndi dziwe, chotsani nsomba monga ndifotokozere m'munsimu, kenako lisiyeni litsike lokha. Pamene madzi aimire, mng'alu waukulu uli pamzere umenewo. Dziwe la mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi likatsika sentimita imodzi ndiye kuti lataya malita 60, choncho musapeputse kutsika kooneka kochepa. Yang'ananinso chimene chinang'ambitsa khomalo. Kwa ine inali mizu ya peyala imene inalowa pansi pa ngodya imodzi. Mizu ya kachere ndi nsungwi imachita zomwezo. Khoma likakhala kuti likutitimira kapena likupendekeka, likonzeni kaye ndi mmisiri womanga. Faiba imapirira timing'alu ting'onoting'ono, koma khoma loyenda limaithyola.

Nyengo yake

Resin, madzi okhuthala omatira faiba, amauma bwino kukamatentha pakati pa madigiri 15 ndi 25, kunja kuli kouma. Kuno kwathu nthawi yabwino ndi Ogasiti ndi Seputembala, pamene mvula inaleka kalekale ndipo nthaka yozungulira dziwe yauma. M'dzinja musayerekeze. Kupatula kuti mvula ingakugwereni muli pakati pa ntchito, madzi a m'nthaka amakhala akukankha khoma kuchokera kunja, ndipo siliuma. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira komanso kumagwa mame, ndipo a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mukuchidziwa chiperoni, chimene chimafika chosatsanzika. Mu Okutobala ndi Novembala ntchito imatheka, koma resin amauma msanga kwambiri, moti muyenera kuyamba mbandakucha ndi kusakaniza pang'onopang'ono.

Katundu ndi masamu ake

Chachikulu ndi polyester resin, madzi okhuthala ngati uchi. Uzani wogulitsa kuti ndi wa chinthu chokhala m'madzi nthawi zonse, ndipo ngati ali ndi mtundu wotchedwa isophthalic tengani umenewo, pakuti umapirira madzi kuposa wamba. Resin sauma yekha, amafuna mankhwala oumitsa otchedwa catalyst, ena amati hardener, dzina lake lenileni ndi MEKP. Kenako pali nsalu ya ulusi wa galasi yotchedwa chopped strand mat, ndipo yoyenera pano ndi ya magalamu 450 pa sikweya mita. Pamwamba pa zonse pamabwera topcoat, ena amati flowcoat. Mufunse bwino kuti ikhale yokhala ndi sera mkati, chifukwa mnzake wofanana naye wotchedwa gelcoat, amene alibe sera, amakhala wonata mpaka kalekale akapakidwa poyera. Pomaliza pamafunika choyamba kupaka pasimenti. Chodziwika kwambiri pa maiwe ndi G4, koma chikasowa resin yemweyo amagwira ntchito.

Musasakanize mitundu. Nsalu imeneyi ili ndi zomatira zimene zimasungunuka mu polyester resin, n'chifukwa chake imafewa n'kugona bwino pakhoma. Mu mtundu wina wa resin wotchedwa epoxy sizisungunuka chimodzimodzi, ndipo mudzavutika nayo. Resin amakalambanso m'chitini, ndiye tsegulani muone musanalipire: akakhala ndi zibuluma kapena walimba ngati phala lozizira, msiyeni.

Tiyeni tiwerengere dziwe la mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita imodzi kuya. Pansi pali masikweya mita 6, makoma anayi ali ndi 10. Faiba iyenera kukwera mpaka kupindikira pamwamba pa khoma masentimita 15, zimene zikuwonjezera 1.5. Mukaphatikiza zotayika ndi zosanjikizana, werengerani masikweya mita 20. Nsalu iyalidwa kawiri, ndiye mufunika masikweya mita 40, amene ndi makilogalamu 18. Kilogalamu iliyonse ya nsalu imamwa makilogalamu awiri ndi theka a resin, choncho resin ndi makilogalamu 45, ndipo ngati simenti yanu ndi yokhakhala kapena muyamba ndi resin m'malo mwa G4, onjezani asanu. Topcoat imapita pafupifupi theka la kilogalamu pa sikweya mita, ndiye makilogalamu 10 mpaka 12 akwana. Catalyst gulani lita imodzi ndi theka. Ndi bwino kutsala ndi resin kusiyana n'kuperewera khoma lili pakati.

Zida zake ndi izi: mabulashi angapo otchipa, marola a ubweya aafupi opirira resin, ndowa zapulasitiki zosachepera zinayi, timitengo totakasira, sikelo, sirinji yoyezera catalyst, sizasi, sandipepa wokhakhala, bulashi ya waya, grinder, ndi acetone wotsukira zida. Pali chida chimodzi chimene anthu amachinyalanyaza, karola kachitsulo ka mizeremizere kotulutsira mpweya. Popanda kameneka ntchito siituluka bwino. Mukasowa m'mahadiweya, funsani amene amakonza maboti a faiba kapena mabampala a magalimoto kumene amagula katundu wawo.

Kusamutsa nsomba

Nsomba zikhala kunja kwa dziwe masabata anayi kapena kuposa, ndiye muzikonzere malo enieni. Thanki yapulasitiki yaikulu yodula pamwamba, imene sinasungepo mankhwala kapena mafuta, ndi yabwino. Iikeni pamthunzi, kutali ndi dziwe, kuti fumbi ndi fungo la resin zisafikeko. Idzazeni ndi madzi a m'dziwe momwemo, otunga pamwamba musanavundule matope. Lekani kuzidyetsa masiku awiri musanazigwire. Phimbani thankiyo ndi ukonde chifukwa koi zimadumpha zikakhala pachilendo, komanso amphaka ndi mbalame sachedwa kudziwa.

Fyuluta isamukire komweko ndipo izigwirabe ntchito. Tizilombo tabwino tokhala m'masiponji ake ndi timene timachotsa poizoni wochokera ku ndowe za nsomba, ndipo masiponji akauma timafa. Muzidyetsa pang'ono kwambiri, ndipo masiku awiri kapena atatu alionse muzichotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi n'kuthira ena opanda klorini. Ganiziraninso za kuthima kwa magetsi. Kapampu ka mpweya ka mabatire kanapulumutsa nsomba zanga usiku wina kutathima mpaka m'mawa.

Kukonza khoma, pamene pagona ntchito yonse

Khuthulani madzi, chotsani matope, mukweche ndere ndi bulashi ya waya. Tsukani ndi madzi okha. Kenako gogodani khoma lonse ndi chogwirira cha hamala, pang'onopang'ono, mukumvetsera. Pamene pakulira ngati ng'oma, pulasitala analekana ndi njerwa, ndipo mumugwetse. Faiba imagwira chimene yapeza pamwamba, choncho ikamatidwa pa pulasitala womasuka idzachoka naye limodzi.

Penti yakale yonse ichoke mpaka simenti ioneke. Ya phula ndiyo yoipitsitsa, chifukwa resin amaisungunula, imasanduka matope akuda, ndipo pamenepo sipagwira kanthu. Ine penti ija ndinapaka ndekha inanditengera masiku atatu ndi grinder. Palibe chidule pamenepa.

Mng'alu uliwonse muukuze ndi tchizulo kapena grinder kuti ukhale ngati ngalande yaing'ono, muchotse fumbi, ndiye muudzaze ndi simenti yosakaniza ndi mchenga wosefa, muyezo umodzi wa simenti ku miyezo itatu ya mchenga. Salazani ndi thabwa kapena siponji, osati kupukuta mpaka kunyezimira, pakuti resin amafuna pokhakhala pang'ono kuti agwire.

Tsopano ngodya. Nsalu ya galasi sipinda pakona yakuthwa, imadzuka n'kusiya mphako ya mpweya kuseri kwake, ndipo mphako imeneyo ndi imene imadzaboola. Paliponse pamene khoma lakumana ndi pansi, kapena khoma ndi linzake, ikani simenti n'kukokapo botolo la galasi chogona kuti papindike bwino ngati mkati mwa mbale. Makona otulukira kunja, monga m'mphepete mwa masitepe ndi pamwamba pa khoma, muwapale ndi grinder akhale obulungira. Ngati pamwamba pa khoma pali miyala yokongoletsa, ichotseni kuti faiba idzalowe pansi pake, mudzaibwezere pambuyo. Ikakhala yosachotseka, dulani kamzere m'khoma pamwamba pa polekezera madzi kuti mphepete ya faiba idzabisale mmenemo.

Mukatha zimenezi dikirani. Zigamba zazing'ono zimafuna sabata imodzi kapena awiri, koma ngati mwapaka pulasitala watsopano dziwe lonse mupatseni masabata anayi. Usiku phimbani dziwe ndi lona lokwezedwa pamitengo ngati denga, kuti mame asalowe koma mphepo izidutsa. Musathirire maluwa ndi kapinga pafupi ndi dziwe masiku onsewa, ndipo muwauze onse a pakhomo, chifukwa wothirira mmodzi akhoza kukubwezani m'mbuyo sabata yathunthu.

Maso amanama pa nkhani ya kuuma. Khoma likhoza kuoneka loyera mbuu pamene mkati muli madzi. Dulani mapepala apulasitiki oonekera, pafupifupi theka la mita mbali zonse, muwamate ndi tepi m'mbali monse pamalo angapo: pansi pakati, pangodya yotsikitsitsa, ndi pamene panali mng'alu waukulu. Asiyeni usiku wonse. M'mawa mukapeza timadontho kunsi kwa pepala, kapena simenti itada pamenepo, sipanaume. Dikirani masiku ena atatu muyesenso. Ulendo wanga wachiwiri ndinayesa katatu ndisanakhutire, ndipo ngodya ya kumunsi ija ndiyo inamaliza kuuma. Likauma, sesani ndi kupukuta fumbi lonse, ndipo kuyambira apo muzilowamo ndi nsapato zoyera.

Thupi lanu

Fungo lamphamvu la resin limachokera ku mankhwala otchedwa styrene, ndipo mpweya wake ndi wolemera kuposa umene timapumawu. Umatsikira pansi n'kukhazikika m'dzenje, momwe inu mwagwada. Umayambitsa mutu ndi chizungulire. Valani masiki ya mphira yokhala ndi timakatiriji toletsa mpweya wa mankhwala. Masiki ansalu aja tinkavala nthawi ya Covid-19 sathandiza pamenepa. Musagwire nokha, pakhale wina kunja kwa dziwe, ndipo muzituluka kukapuma pafupipafupi.

Catalyst ndi woopsa m'maso, kadontho kamodzi kakhoza kuchititsa khungu. Magalasi oteteza maso avalidwe nthawi zonse pomuyeza, ndipo botolo la madzi oyera likhale pafupi. Akagwera m'diso tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala. Resin, acetone ndi catalyst zonse zimayaka, choncho fodya, mbaula ndi moto wa zinyalala zikhale kutali, ndipo katunduyo asungidwe pamthunzi pomwe ana safika. Ngati wogulitsa wakupatsani kabotolo kena kofiirira kotchedwa accelerator, musakaphatikize ndi catalyst mwachindunji ngakhale pang'ono, zimaphulika. Resin wambiri wa m'masitolo amakhala atathiridwa kale mankhwala amenewo, ndiye funsani. Valani magolovesi ndi zovala za manja aatali zoti mudzataye. Ulusi wa galasi umayabwa ngati chitedze, ndipo pousamba yambani ndi madzi ozizira osakwecha.

Tsiku lomata

Dzulo lake dulani nsalu yonse. Iyezeni pakhoma, zidutswa zikhale zosapitirira mita imodzi m'lifupi, zotalika kuchokera pamwamba pa khoma mpaka kulowa pansi masentimita 15. Zilembeni manambala, muzisanjike pouma. Manja akangodetsedwa ndi resin simungathenso kugwira sizasi. M'mphepete momwe zidutswa zidzakumane ndi bwino kung'amba ndi manja kusiyana n'kudula, chifukwa mphepete yanyenyeswa imalowerera mu inzake osasiya mzere.

M'mawa mame akauma, yambani ndi G4. Pakani kamodzi dziwe lonse, ndipo mukaona kuti simenti yamwa yonse pakaninso. Nthawi yoyamba kumata ndi pamene yauma moti chala chikunata koma sichikutenga kanthu. Musaisiye igone mpaka mawa, ikalimbiratu resin sagwira bwino. Ngati dziwe ndi lalikulu, pakani mbali yokhayo imene mumalize tsikulo. Amene mukuyamba ndi resin, msakanizeni ndi catalyst, mupake mopyapyala kuti alowe m'simenti, ndipo mudikire agwire.

Kusakaniza kumafuna sikelo ndi sirinji, osati kuyerekeza ndi maso. Muyezo wapakati ndi mamililita 20 a catalyst pa kilogalamu imodzi ya resin. Kukatentha tsitsani kufika 15 kapena 10, koma osachepera 10, chifukwa resin sadzaumanso bwinobwino. Kukazizira mukhoza kufika 30, osapitirira. Sakanizani kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa nthawi, takasani kwa mphindi yathunthu mukukanda m'mbali ndi pansi pa ndowa. Kuchokera pamenepo muli ndi mphindi 15 mpaka 20. Resin akamauma amatentha, ndipo akaunjikana m'ndowa amatentha kwambiri mpaka kufuka utsi. Ndowa ikayamba kufunda kapena resin akayamba kukoka ngati therere, musamupakenso. Ikani ndowayo panja pa dothi kutali ndi udzu, mutenge ina.

Ntchitoyi imayenda bwino ndi anthu atatu: wosakaniza ali kunja, wopaka, ndi wa karola kachitsulo. Yambani ndi ngodya ndi masitepe pogwiritsa ntchito timizere ta nsalu topapatiza, kenako makoma, pansi pakhale pomalizira.

Pakani resin wokwanira pakhoma, pamalo okulirapo kuposa chidutswa chanu. Gonekani nsalu pa resin wonyowayo kuyambira pamwamba. Pakani wina pamwamba pake ndi rola ya ubweya, ndipo m'makona muzijoba ndi nsonga ya bulashi, osakoka ngati mukupenta, chifukwa kukoka kumasokoneza ulusi. Dikirani ngati mphindi imodzi. Muona nsalu yoyera ija ikufewa n'kuyamba kuonekera mkati, moti mtundu wa simenti uyamba kuoneka. Apo ndi pamene karola kachitsulo kalowe. Kayendetseni modekha kuchokera pakati kupita m'mbali, mukufinya timathovu ta mpweya mpaka titatha. Paliponse pamene patsala poyera ndiye kuti nsalu sinamwe kapena pali mpweya, bwererani pomwepo. Koma musamize nsalu m'resin poganiza kuti wochuluka ndiye wolimba. Mphamvu ili mu ulusi, ndipo resin woikana yekha pansi amasweka ngati galasi.

Chidutswa chotsatira chikwere pa choyamba masentimita 5. Mukamaliza zidutswa ziwiri kapena zitatu, yalani nsalu yachiwiri pamwamba pake yoyambayo ikadali yonyowa, ndipo misoko yake isagwere pamene pali misoko yapansi, isunthe ndi theka la chidutswa monga momwe omanga amalukira njerwa. Mukafika pansi yambirani kutali, muzibwerera chafutambuyo kulowera kumene mutulukire. Zida muziviika mu acetone nthawi iliyonse imene mwaima, makamaka karola kachitsulo, chifukwa resin akaumira m'mizere yake katha ntchito.

Dzuwa lisawombe pamene mukumata, kokani lona pamwamba. Thukuta nalonso ndi madzi. Likadonthera pa resin wosauma pamayera ngati mkaka, ndiye mangani kansalu pamphumi. Mdima ukakupezani musanamalize, lekezani pamphepete yong'amba, mawa mudzapale pamenepo ndi sandipepa, mupukute ndi acetone n'kupitiriza.

Pozungulira mapaipi

Maiwe ambiri omatidwa bwino amadzachuchira apa, chifukwa resin sagwirizana kwenikweni ndi pulasitiki ya PVC. Palani paipi ndi sandipepa wokhakhala mpaka kunyezimira kuthe, pukutani, mupakepo G4 kapena guluu wa mapaipi a PVC mopyapyala. Pakadali ponata, zungulizani tizidutswa ta nsalu tong'ambang'amba, tina tikwere papaipi, tina tigone pakhoma, katatu kapena kanayi. Tsekani kukamwa kwa paipi ndi nsanza kuti resin asalowemo, koma muichotse asanaumiretu.

Topcoat

Faiba ikalimba, patatha maola angapo kapena m'mawa mwake, yendani dziwe lonse ndi dzanja lovala golovesi. Muzimva timinga ta ulusi totuluka. Palani tonse ndi sandipepa, chifukwa timacheka mimba za nsomba, komanso ulusi wotuluka umakoka madzi kulowetsa mkati mwa faiba ngati chingwe cha nyali. Mukapeza thovu lalikulu loyera, liduleni, mupale m'mbali mwake, mumate chigamba. Chotsani fumbi ndi nsalu youma, kenako yonyowetsa pang'ono ndi acetone.

Topcoat ipakidwe pasanathe maola 24 chimatireni, pamene faiba ikadali yokonzeka kugwirana nayo. Mukachedwa kuposa apo muyenera kupala dziwe lonse. Itakaseni bwino m'chitini kuti sera ndi mtundu zisakanikirane, ndiye muzithira catalyst mamililita 20 pa kilogalamu, pang'onopang'ono ngati kale. Pakani kamodzi, mokhuthala bwino, osasiya poonekera ulusi. Sera uja amakwera pamwamba n'kutsekereza mpweya, ndipo ndi amene amachititsa kuti iume gwaa osanata. Pachifukwa chomwecho, topcoat yachiwiri siigwira pa yoyamba pokhapokha mutapala kaye, choncho chitani bwino ulendo umodzi. Ikapakidwa padzuwa lamphamvu imauma sera asanakwere, n'kutsala yonata. Ine ndinapaka chakumadzulo dzuwa litapendeka, ndikuonetsetsa kuti ilimbe mame asanayambe, lona lili pamwamba.

Za mtundu, ndimakonda wakuda kapena wobiriwira modera. Koi zofiira ndi zoyera zimaoneka bwino pamenepo, ndipo ndere zikamera sizinyansa. Wabuluu wowala umapangitsa dziwe kuoneka ngati losambiramo, ndipo kadothi kalikonse kamaonekera.

Kudikira ndi kubwezera nsomba

Pamwamba pamauma tsiku lomwelo, koma mkati faiba imapitiriza kukhwima ndi kutulutsa styrene, amene ndi poizoni kwa nsomba. Ipatseni nthawi yosachepera sabata imodzi. Ine ndinadikira awiri. Tsopano dzuwa ndi bwenzi lanu, chotsani lona masana kuti kutentha kuthandize. Lowani m'dziwe, mugwade, mununkhize pansi pangodya. Fungo likamamvekabe, nthawi sinakwane. Mukapeza malo ofewa kapena onata patatha masiku onsewa, pamenepo catalyst anachepa kapena sanasakanizike, ndipo pafunika kupala mpaka polimba n'kumatanso.

Fungo likatha tsukani dziwe lonse ndi madzi otentha ndi siponji, mutaye madziwo. Bwezerani miyala ya pamwamba, ndipo simenti yake isagwere mkati. Dzazani mpaka pamwamba, lembani chizindikiro, muikenso ndowa ija pambali. Asiyeni masiku atatu. Madzi amenewa akugwira ntchito ziwiri, kuyesa ngati kuchucha kwatha ndi kutsuka zotsalira za mankhwala. Akhuthuleni onse, mukhoza kuthirira kapinga, ndiye mudzazenso. Dziwe lomatidwa ndi faiba musalisiye lopanda madzi m'dzinja, chifukwa madzi a m'nthaka akhoza kulowa m'ming'alu yakale n'kutukula chigobacho kuchokera pansi.

Madzi a pampopi ali ndi klorini. Thiranimo mankhwala ochotsa klorini ogulitsidwa kumene amagulitsa nsomba zoweta, kapena yatsani pampu madzi azizungulira masiku angapo nsomba zisanalowe. Bwezerani fyuluta ndi masiponji ake osawatsuka ndi madzi a pampopi. Yambani ndi nsomba ziwiri kapena zitatu zazing'ono. Ziikeni m'beseni la madzi a m'thanki, liyandame padziwe kwa theka la ola, mukuthiramo madzi a m'dziwe pang'onopang'ono, kenako zitulutseni. Ziyang'anireni masiku awiri. Zikamasambira bwino, osapumira pamwamba kapena kudzikhula kumakoma, bweretsani zinazo m'magulu, masiku angapo motalikirana, ndipo sabata yoyamba muzidyetsa theka la chakudya cha masiku onse kufikira fyuluta itazolowera.